Oyilo wa mu transifa ya X-Trail: ndithire uti, ndipo amasintha liti?

Make Tadala (Ulongwe):
Moni nonse. Funso langa likupita kwa amisiri ndi madalaivala. Ndili ndi Nissan X-Trail ya automatic yochokera ku Japan, ndiyo ndimayendera pokagula kachewere ndi nyemba ku Tsangano ndi ku Domue. Chithere mvula ikumalira pansi, cha kutsogolo pakatikati, kulira kwa "huuu" komwe kumakula ndikapitirira 60. Ndikachotsa phazi pamoto kumachepako. Mnyamata amene amandisinthira oyilo wa injini akuti vuto ndi transifa, kabokosi kopereka mphamvu ku matayala akumbuyo, ndiye tithiremo ATF, oyilo wofiira uja wa magiyabokosi a automatic, poti galimotoyo ndi ya automatic. Alamu anga akukana, akuti tithire valvulina yolimba, oyilo wa magiya uja. Chigulireni galimotoyi palibe amene anatsegulapo pamenepo. Ndimvere ndani?

Amisiri Ngozo (Moatize):
Mayi, musathire kanthu kaye. Tsegulani boneti muyang'ane kachitsulo kolembedwa nambala ya chasisi, kapena onani pa livrete, chikalata cha galimotoyo, mutiuze zilembo zoyambirira. Mutiuzenso ngati pafupi ndi giya pali kabatani kozungulira kolembedwa 2WD, AUTO, LOCK.

Make Tadala (Ulongwe):
Zikuyamba ndi NT31. Kabatani kaliko, ine ndimakasiya pa 2WD nthawi zonse kupatula m'matope.

Amisiri Ngozo (Moatize):
Chabwino. NT31 ndi ya matayala anayi, transifa ilimo. Mnyamatayo walakwitsa, ndipo mukanamumvera mukanawononga. Mu transifa ya galimoto imeneyo mumalowa oyilo wa magiya, API GL-5, SAE 80W-90. Giyabokosi yanuyo ndi automatic ya mtundu wa CVT, ili ndi oyilo wakewake wotchedwa NS-2, ndipo transifa ndi chipinda china chapadera ngakhale zinamangidwa pamodzi. Mkati mwake muli magiya awiri okumana chopingasa, amene amatembenuza mphamvu kuti ilowere ku shafti yopita kumbuyo. Mano a magiya otere samangokankhana, amakhulananso, ndiye amafuna oyilo wokhala ndi mankhwala opirira kupanikizika kwambiri. GL-5 tanthauzo lake ndi limenelo. ATF ndi wopyapyala ndipo alibe mankhwala okwanira a ntchito imeneyo. Galimoto imayenda ndithu, mwezi, miyezi, mano akudyeka mwakachetechete.

Ndipo musaganize kuti poti mumayenda pa 2WD ndiye kuti transifa ikupuma. Pa X-Trail magiya amenewa ndi shafti zimazungulira nthawi zonse galimoto ikamayenda. Chimene kabataniko kamalamula ndi kalachi yamagetsi imene ili kumbuyo, pafupi ndi difu, bokosi la magiya logawira matayala awiriwo mphamvu.

Jere (Zóbuè):
Pa ATF ndikugwirizana nanu amisiri, koma alamu a mayiwa sanalakwe. Kuno ndi ku Tete, si ku Japan. Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, phula limachita kufewa. 80W-90 imasanduka madzi. Ine pa canter yanga ndimathira 85W-140 ndipo difu sinalirepo, ndikukwera mapiri a Zóbuè ndi katundu wodzaza. Thirani 140 mayi, kulirako kutha.

Nabanda (sitolo ya zipangizo, Tete):
AJere, tsiku lililonse pa kauntala ndimamva mawu omwewa. Munthu amangofika n'kunena kuti "ndipatseni valvulina yolimba", osanena galimoto. Ndikafunsa amakwiya, amati ndikuchedwetsa. Pa shelefu pathu pali 75W-90, 80W-90, 85W-140, pali GL-4, pali GL-5, pali ya madifu apadera otchedwa LSD, ndipo zonsezo anthu amazitcha dzina limodzi.

Amisiri Ngozo (Moatize):
Achimwene aJere, pa canter yanu sindikutsutsani. Difu ya lole ndi yaikulu, imanyamula matani, imalowa malita angapo, ndipo ambiri amayendera 140 bwinobwino. Koma tisatenge za lole kuika pa kagalimoto aka.

Nambala yachiwiri ija, 90 kapena 140, amaiyeza oyilo atatentha madigiri 100. Ndiye kutentha kwa ku Matundo mumzinda wa Tete masana sikungadabwitse 80W-90, anapangidwira kutentha koposa pamenepo. Transifa ya X-Trail imakhala kuseri kwa injini, ekizozi ikudutsa pambali pake, imatentha kale ndi kale kaya muli ku Tete kaya ku Japan, ndipo opanga anazidziwa zimenezo posankha oyilo. Mukathira wolimba kwambiri, magiya amavutika kumuvundula ndipo kutentha kumawonjezeka m'malo mochepa. Komanso mayiwa sakhala mumzinda wa Tete. Amakhala ku Angónia, kumene m'mawa wa Juni munthu umagwira chiwongolero manja atauma. Oyilo wa 140 m'mawa wotere amachedwa kufika ku maberingi.

Zoti kulira kutha, nthawi zina kumachepadi. Koma kumachepa chifukwa oyilo wolimba wabisa phokoso. Beringi yodyeka imakhala yodyekabe.

Jere (Zóbuè):
Ndamva amisiri. Ine pa lole ndipitiriza ndi 140 yangayo. Za tigalimoto tating'onoti ndikusiyirani eni ake.

Aphunzitsi (Furancungo):
Ndilowepo pang'ono, poti nkhaniyi yandikhudza. Yanga ndi Honda CR-V yakale ya automatic. Nditaigula inali ndi vuto loti ndikamakhota kwambiri pang'onopang'ono, monga potembenuka pabwalo la sukulu, kumbuyo kunkabuula n'kumanjenjemera. Amisiri atatsegula difu ya kumbuyo anapeza mwiniwake woyamba anathiramo valvulina wamba. Pa CR-V kumbuyoko kuli timapampu tiwiri ndi kalachi, ndipo kumafuna oyilo wa Honda wotchedwa DPSF, ena amati Dual Pump Fluid. Anatsuka pothira ndi kukhetsa kawiri, kubuula kunatha. Ndiye zimene akunena amisiri Ngozo kuti GL-5 80W-90, wina wa CR-V asazitenge n'kukathira kumbuyo kwa yake.

Amisiri Ngozo (Moatize):
Mwachita bwino kunena, aphunzitsi. Ndipo pa CR-V zakale za automatic transifa yakutsogolo ilibe oyilo wakewake, imadya wa mu giyabokosi momwemo. Mukaona wina akufunafuna bawuti yothirira pamenepo, muuzeni asiye.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikufuna achinyamata a m'maofisina okonzera galimoto andimve. Mawu oti transifa ndi amodzi koma zinthu zake n'zosiyana kutalitali. Pali zina zimene ndi magiya awiri basi, monga pa X-Trail, RAV4 ndi Vanguard. Zimenezo zimafuna GL-5. Pali zina zazikulu zokhala ndi tcheni mkati, zina mpaka kapampu, ndipo mwa zimenezo zilipo zofunadi ATF. Nissan Navara D40 ndi chitsanzo, buku lake limatchula ATF ya Matic D. N'kutheka kuti mnyamata wa mayiwa anaonapo Navara ikuthiridwa wofiira n'kuganiza kuti Nissan iliyonse ndi choncho. Pali zinanso zokhala ndi kalachi yolamulidwa ndi kompyuta, monga BMW X5 ndi X3 za xDrive zimene mabwana a ku migodi amakonda. Zimenezo zili ndi oyilo wapadera, ndipo ukasintha umayeneranso kuuza kompyuta kuti oyilo ndi watsopano. Subaru Forester ya manyuwo ilibe n'komwe bokosi lapadera, zonse zili mu giyabokosi ndipo zimasambira mu 75W-90 GL-5 yemweyo.

Choncho munthu akandifunsa kuti "mu transifa mumalowa chiyani", yankho langa loyamba limakhala funso: galimoto yanji, nambala ya chasisi ndi chiyani.

Bambo a Yamikani (Manje):
Pepani kulowerera. Ine ndili ndi Toyota Vanguard, chasisi ACA38. Ndithirenso 80W-90 yomweyo?

Nabanda (sitolo ya zipangizo, Tete):
Bambo, ACA38 ndi yokoka ndi matayala akutsogolo okha. Transifa mulibe, difu ya kumbuyo mulibenso. Ya matayala anayi ndi ACA33. Pa RAV4 ya ku Japan ya nthawi yomweyo, ACA31 ndiyo ya anayi, ACA36 ndi ya awiri. Suzumirani pansi, ngati simukuona shafti yaitali yopita kumbuyo ndiye kuti nkhaniyi sikukukhudzani. Wina akakulipiritsani kuti wasintha oyilo wa transifa pa galimoto imeneyo, akuberani.

Bambo a Yamikani (Manje):
Ndasuzumira, kuli ekizozi yokha. Zikomo achemwali.

Madala Mbewe (Chiúta):
Ana inu mwalankhula za mtundu wa oyilo, koma palibe wafunsa mayiwa funso limene ine ndikanayamba nalo. Anena okha kuti kulira kunayamba mvula itangotha. Make Tadala, dzinja lapitali munawolokapo madzi ofika pakati pa matayala?

Make Tadala (Ulongwe):
Eya madala, kangapo. Njira zolowera kuminda ku Tsangano mumazidziwa, milatho ina ndi yongoyala simenti pansi, madzi amadutsa pamwamba. Ulendo wina madzi anafika m'munsi mwa zitseko.

Madala Mbewe (Chiúta):
Ndiye mvetserani. Ine ndagwira udalaivala wa mabungwe zaka zambiri, njira za Fingoé, Zumbo, Chifunde mpaka Cassacatiza, nthawi imene phula linali losowa. Chimene chimapha matransifa ndi madifu kwathu kuno koposa zonse ndi madzi.

Bokosi lililonse la magiya lili ndi kabowo kopumira pamwamba, pena kali ndi kapaipi, pena kachipewa kakang'ono. Oyilo akatentha mpweya umatulukira pamenepo. Tsono inu mwayenda mtunda wautali, chitsulo chatentha, mwafika pamtsinje n'kulowa osaima. Chitsulo chimazizira mwadzidzidzi, mpweya wa mkati umanyala, bokosilo limakoka chilichonse chili panja. Ngati kabowoko kamira, limakoka madzi. Ngati katsekeka ndi matope, limakokera pa masilu, mphira zija zotchinga oyilo kuti asatuluke. Madzi aja amasakanikirana ndi oyilo, ndipo mukamasula bawuti chimene chimatuluka chimaoneka ngati tiyi wothira mkaka. Oyilo wotere sagwiranso chitsulo. Galimoto ikaima masiku angapo maberingi amachita dzimbiri, tizibowo ting'onoting'ono, ndipo kulira kumayambira pamenepo.

Ife lamulo lathu linali lakuti ukafika pa madzi akuya, ima kaye, tsika, yang'ana powolokera, zitsulo zizizireko. Ukabwerera ku ofesi galimoto ikwere padzenje, timasule mabawuti tione mtundu wa oyilo. Land Cruiser imakhululuka chifukwa oyilo ndi wambiri. Kagalimoto kanuko sikakhululuka.

Amisiri Ngozo (Moatize):
Madala anena zoona, ndipo mawu awo otsirizawo ndi ofunika. Mu transifa ya X-Trail oyilo safika ngakhale theka la lita. Ya Vanguard ndi RAV4 ya nthawi yomweyo ndi pafupifupi 0.45 ya lita. Yerekezani ndi Prado imene imalowa pafupifupi lita 1.4. Pa oyilo wochepa chonchi, madzi pang'ono okha ndi ambiri, ndipo silu ikamadontha kadontho kamodzikamodzi miyezi ingapo bokosi limauma. Mulibe geji, mulibe nyali yochenjeza kuti oyilo wachepa. Chizindikiro choyamba chimakhala phokoso, ndipo phokoso likamveka zinthu zimakhala zayamba kale kuwonongeka.

Dalitso (wophunzira umakaniko, Ulongwe):
Amisiri, ine ndili konkuno ku Ulongwe ndipo nditha kuwathandiza amayiwa pa dzenje la abwana anga. Koma X-Trail sindinaipangepo. Mundiuze ndondomeko yake kuti ndisaphonye.

Amisiri Ngozo (Moatize):
Wachita bwino kufunsa mphwanga. Tamvera.

Galimoto iyende kaye pang'ono kuti oyilo afunde, atuluke ndi zinyalala zake. Kenako iime pamalo olingana. Padzenje ndi pabwino. Osaikweza kutsogolo kokha ndi jeke, chifukwa ikapendekeka muyezo umanama. Dikira ekizozi izizire, mkono wako udutsa pambali pake.

Tsuka matope kuzungulira mabawuti awiriwo usanakhudze sipanala. Kenako masula ya pamwamba, yothirira, ndiyo yoyamba. Ndibwerezenso: yothirira iyambe. Ukayamba ndi yapansi, oyilo n'kutuluka yense, kenako n'kupeza kuti yapamwamba yakana kapena mutu wake wadyeka, galimoto ya mayiwa igona padzenjepo. Gwiritsa ntchito kiyi wokwana bwino, umulowetse mpaka pansi, chifukwa mabawuti amene sanamasulidwepo chichokere ku Japan amalimba.

Yapamwamba ikatseguka, pisa chala. Oyilo amayenera kukhala m'mphepete mwenimweni mwa bowolo. Ngati chala chatuluka chouma, dziwa kuti penapake pakudontha, ndipo uyang'ane masilu, makamaka pamene shafti ya tayala imatulukira ndi pamene transifa yakumana ndi giyabokosi.

Tsopano masula yapansi, ulandire oyiloyo m'chitini choyera, osati m'beseni la oyilo wa injini, kuti tione chimene chatuluka ndi kuchuluka kwake. Fungo lamphamvu la sulufule lisakuopse, oyilo wa GL-5 amanunkha choncho ngakhale ali watsopano. Chimene uyang'ane ndi mtundu, ndi zimene zamatirira pa maginito a bawuti ngati ilipo. Phala lakuda losalala ukalipekesa pa zala si vuto, magiya onse amatero. Tizidutswa tonyezimira tolasa chala ndiye vuto.

Lisiye likhe mpaka lisiye kudontha. Bawuti yokhala ndi washala uike washala watsopano, yomwe unaipeza ndi mankhwala omatira m'mazinga uipakenso pang'ono. Bokosilo ndi la aluminiyamu, ndiye yambitsa bawuti ndi zala, umange ndi sipanala yaifupi. Osaika paipi. Mazinga a aluminiyamu akatha ntchito yake ndi yaikulu kuposa imene wabwerera.

Pothira malo ndi opanikiza, botolo silingafike. Ngati mulibe kapampu, tenga sirinji yaikulu ndi kapaipi koyera, kapena boola chitsekero cha botolo ulowetse kapaipi n'kumafinya. Botololo uliike padzuwa kaye kapena m'madzi ofunda, oyilo amayenda msanga. Thira pang'onopang'ono mpaka ayambe kubwerera pabowo, dikira asiye kutsika, tseka. Osakakamiza kuti alowe wambiri, wopitirira muyezo amachita thovu n'kutulukira kopumira kuja.

Ukamaliza kutsogolo pita ku difu ya kumbuyo, nayonso inamira m'madzi omwewo. Imalowa oyilo yemweyo, pafupifupi theka la lita. Ukapanda kutaya, lita imodzi imatha kukwana zonse ziwiri. Pomaliza funa kopumira konse uone ngati sikunatsekeke.

Dalitso (wophunzira umakaniko, Ulongwe):
Ndalemba zonse. Nanga tikapeza madzi, titsuke ndi dizilo kapena palafini? Abwana ena amatero.

Amisiri Ngozo (Moatize):
Ayi. Dizilo satuluka yense, wotsalayo amasungunula oyilo watsopano. Tsuka ndi oyilo yemweyo: thira, galimoto iyende masiku ochepa, khetsa, thiranso. Pa bokosi losafika theka la lita kutsuka kotere sikudula.

Make Tadala (Ulongwe):
Zikomo nonse. Achemwali Nabanda, kuno ku msika amagulitsa wa m'mabotolo a madzi akumwa, wopungula mu dilamu, ndipo ndi wotsika mtengo. Alipo woti ndingamukhulupirire? Kapena ndidikire wopita ku Tete kapena ku Dedza?

Nabanda (sitolo ya zipangizo, Tete):
Mayi, wopungulayo musiyeni. Simudziwa ngati ndi GL-4 kapena GL-5, simudziwa ngati dilamulo linagona pamvula, ndipo ena amasakaniza ndi wogwiritsidwa kale ntchito. Pa lita imodzi yokha imene mukufuna, ndalama imene mungapulumutse ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa transifa ina. Gulani wa m'botolo lomata la kampani yodziwika, ku bomba komwetsera mafuta kapena ku sitolo yokhazikika. Castrol, Total, Shell, Engen, aliyense mwa amenewa ali ndi 80W-90 GL-5, dzina si nkhani. Tembenuzani botolo muwerenge kumbuyo, pakhale polembedwa API GL-5. Onani mkombero wa chitsekero ngati sunadulidwe, chifukwa mabotolo akale ena amawatola n'kuwadzazanso.

Mukapeza 75W-90 GL-5 wa synthetic yekha, ameneyonso amagwira pa magiya otere, kungoti ndi wokwera mtengo. Amene simuyenera kutenga ndi wolembedwa GL-4 yekha. Ameneyo ndi wa magiyabokosi a manyuwo, mmene muli mphete za mkuwa zothandiza giya kulowa, ndipo mankhwala ake opirira kupanikizika ndi ochepa dala.

Phiri (dalaivala wa Hilux, Songo):
Popeza mwatchula Prado, ndifunse za Toyota zatsopanozi. Kuntchito tili ndi Hilux ya mtundu watsopano uja wa kabatani, ndi Prado 150. Zakale tinkangothira 75W-90 mu transifa. Pano buku likuti LF 75W. Ndi malonda chabe kapena?

Amisiri Ngozo (Moatize):
Si malonda chabe aPhiri. Toyota Transfer Gear Oil LF 75W ndi wopyapyala kuposa 75W-90, ndipo mabokosi amenewo anawapangira oyilo ameneyo. Alipo amene amathira 75W-90 galimoto n'kumayenda, sindikana. Koma ngati buku latchula dzina la oyilo, ndipo galimoto ndi ya mtengo wotere, ine ndimathira chimene chalembedwa. Pa Prado 120 ndi Hilux Vigo pitirizani ndi 75W-90 wanu. Musasokonezenso LF 75W wa mu transifa ndi LT 75W-85 wa m'madifu.

Nabanda (sitolo ya zipangizo, Tete):
LF ameneyo sapezeka pa shelefu nthawi zonse, ambiri amachita kuitanitsa. Konzekerani sevisi isanakwane.

Aphunzitsi (Furancungo):
Funso la mayi lija linali ndi mbali ina imene sitinayankhe. Amasintha pakapita mtunda wanji? Ena amati oyilo ameneyu sasinthidwa moyo wonse wa galimoto.

Madala Mbewe (Chiúta):
Mawu amenewo ndi a kumene misewu yonse ndi phula ndipo galimoto amaigulitsa isanakalambe. Zimene timagula ife zimafika zitayenda kale, oyilo wake ndi wa ku fakitale, n'kubwera kudzakumana ndi fumbi la Macanga ndi matumba a kachewere. M'mabuku momwemo muli ndime ya magalimoto oyenda movutikira, m'fumbi, m'matope, ndi katundu wolemera. Ndime imeneyo ndiyo yathu.

Amisiri Ngozo (Moatize):
Langizo langa kwa makasitomala anga ndi ili. Galimoto ikangofika kuchokera kunja, sinthani zonse, musakhulupirire kuti wina anasintha. Kenako pa makilomita pafupifupi 40,000 aliwonse. Amene mumawoloka mitsinje musawerenge makilomita, yang'anani chaka chilichonse mvula ikatha, komanso nthawi iliyonse madzi akafika pa ma hub, pakati pa matayala. Kumasula bawuti yothirira n'kupisa chala ndi ntchito ya mphindi zochepa, muzipempha pamene akusintha oyilo wa injini.

Make Tadala (Ulongwe):
Ndabwerera ndi lipoti. Dalitso wagwira ntchito dzulo, ine ndili pomwepo. Bawuti ya pamwamba inavuta ndithu koma inamasuka. Atapisa chala sanakhudze kanthu. Chimene chinatuluka pansi sichinadzaze ngakhale kapu yaing'ono, chotuwa, cholimba, ndipo kumapeto kunatsika timadontho ta madzi enieni. Pa bawuti panali phala lakuda ndi tonyezimira pang'ono, koma Dalitso atapekesa sitinali tolasa. Ku difu ya kumbuyo oyilo anali wakuda koma wokwanira, wopanda madzi. Tathira 80W-90 GL-5 wa botolo lomata konse kuwiri. Kapaipi kopumira kanali kodzaza dothi louma, wakatsegula ndi waya. Pansi pa bokosilo mbali imodzi ndi ponyowa, akuti ndi silu ya shafti ya tayala.

Kulira kwachepa kwambiri koma sikunatheretu, ndikumakumvabe cha pa 80. China, nyali ya 4WD ikumaphethira pang'onopang'ono ndikaika pa AUTO. Izi zinayamba kale, sindinazitchule poyamba chifukwa ndimaona ngati n'zosiyana.

Amisiri Ngozo (Moatize):
Mwaipeza isanafe. Dalitso wagwira bwino. Za nyaliyo, tiwerengereni manambala olembedwa m'mbali mwa matayala onse anayi.

Make Tadala (Ulongwe):
Atatu alembedwa 215/65 R16. Lakumbuyo kumanzere ndi 215/70 R16. Ndinagula limenelo litaphulika lina ku Calomue, linalipo ndi lokhalo.

Amisiri Ngozo (Moatize):
Ndi chimenecho. Pa X-Trail nyali ya 4WD ikamaphethira mofulumira ndiye kuti zitsulo zatentha kwambiri, imani zizizire. Ikamaphethira pang'onopang'ono ikunena kuti matayala sakuzungulira mofanana. Tayala la 70 ndi lalitali kuposa la 65 ndi masentimita awiri ndi pang'ono, ndiye kompyuta imaona ngati tayala lina likuterera nthawi zonse. Difu ndi kalachi ya kumbuyo zimagwira ntchito yosatha ngakhale pa phula lowongoka, ndipo katundu ameneyo amafika mpaka ku transifa. Pa galimoto za mtundu uwu matayala onse anayi akhale a saizi imodzi, odyeka mofananako, mpweya wofanana. Chotsani limenelo mugule 215/65. Pakadali pano siyani kabatani pa 2WD, ndipo LOCK musamaikhudze pa phula louma.

Phiri (dalaivala wa Hilux, Songo):
Ndiwonjezere chimodzi kwa onse a galimoto zotere. Ikafa panjira musalole kuikoka matayala awiri ali m'mwamba, awiri akugudubuzika pansi. Ikwere yonse pa lole. Kukoka kwa theka kumawotcha zomwe tikukambazi.

Madala Mbewe (Chiúta):
Dalitso, oyilo wakaleyo waika kuti? Usakathire m'ngalande kapena kuseri kwa ofisina, mvula ikagwa amathera m'madimba ndi m'zitsime. Sunga m'chigubu chotseka pamodzi ndi wa injini.

Dalitso (wophunzira umakaniko, Ulongwe):
Ali m'chigubu madala. Amisiri, silu ija tiisinthe pompano kapena tidikire? Nanga kulira kotsalako?

Amisiri Ngozo (Moatize):
Itanitsani silu lero, mupereke nambala yonse ya chasisi kuti asakupatseni ya mtundu wina. Podikira, mayi ayende masiku ochepa maulendo afupiafupi opanda katundu wolemera, kenako ukhetsenso oyiloyo m'chitini choyera. Akatuluka wotuwa ndiye kuti madzi analipobe, thira wina. Tsiku losintha silu ndi lomwelo uthire womaliza, kuti musagule kawiri. Ukamachotsa shafti uyang'ane pamene silu imakhudza, ngati pakumbika kamzere silu yatsopano idonthanso.

Kulira kotsalako mukuweruze tayala litasinthidwa, chifukwa tayala losiyana nalonso limalira. Kukapitirira, kwezani matayala onse anayi, wina ayendetse pang'onopang'ono, iwe ugunditse sikuludiraiva yaitali pa bokosi chogwirira chili kukhutu, manja ndi malaya kutali ndi shafti. Mverani transifa, beringi ya pakati pa shafti, ndi ma hub, musanagamule. Ikakhala beringi ya mu transifa imasinthika magiya akadali abwino. Mayi, mukamva kulira kukukula kapena kukusanduka kukukuta, musapite nayo ku Tsangano, mundiimbire tikonze zoibweretsa ku Moatize.

Make Tadala (Ulongwe):
Ndamva amisiri. Achemwali Nabanda, ndikutumizirani nambala ya chasisi kumbali. Silu ndi lita ina ya 80W-90 mupatsire wa shapa ya Ulongwe, Dalitso akalandira pa siteji.

Nabanda (sitolo ya zipangizo, Tete):
Tumizani, mujambulenso mbali imene ikudonthayo, masilu a kumanja ndi kumanzere ndi osiyana. Ndiikamonso mawashala awiri.